Ulemu kwa Chiphapha cha ku Canongola

Alipo akuluakulu ophunzira kutsidya kwa nyanja amene atha inki yambiri polemba mbiri ya magalimoto a mafumu. Koma popeza palibe ndi mmodzi yemwe amene anaimapo pabwalo kunenera chiphapha, chija chogona pa miyala inayi kuseri kwa nyumba ku Canongola mumzinda wa Tete, matayala atachoka, magalasi atasweka, utoto utasupuka ndi dzuwa, ine ndayesa kuti nkoyenera kuti ndiwombe m'manja, ndipemphe malo kwa eni bwalo, ndi kuchichitira umboni pamaso pa anthu onse.

Tiyambe taona mwana wa mfumu, kuti awiriwa tiwayese ndi muyeso umodzi. M'chaka cha 1970, pa chionetsero cha ku Geneva, a Citroën a ku France, amene anali atagula Maserati ya ku Italy mu 1968, anavundukula galimoto yotchedwa SM, yopangidwira olemera ofuna kufisula m'dziko lina ndi kukagona m'dziko lina. Injini yake ya masilinda 6 inali ya Maserati. Nyali zake zinali 6, ndipo ziwiri mwa izo zinkacheuka pamodzi ndi chiwongolero. Sinkakhala pa masipuling'i, koma pa mafuta obiriwira ndi mpweya wopanikizidwa, kotero kuti inkayandama pamsewu kufikira liwiro la makilomita 220 pa ola. Inapambana mpikisano wa ku Morocco mu 1971, ndipo mu 1972 ina yotalikitsidwa, yopanda denga, inanyamula Pulezidenti Pompidou ndi Mfumukazi Elizabeth II m'misewu ya Paris.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Amakaniko ozolowera za ku France anathedwa nzeru ndi injini ya ku Italy. Mtengo wa mafuta unakwera mu 1973. A Citroën anamira m'ngongole mu 1974 nagwa m'manja mwa a Peugeot, amene mu 1975 analeketsa SM, zitangopangidwa 12,920 zokha. Ndipo ngakhale m'masiku a ulemerero wake, injini ikazimitsidwa, galimotoyi inkatsika pang'onopang'ono kufikira mimba itayandikira dothi, ikuphunzira luso limene chiphapha chathu chinakhwima nalo kale.

Tsono penyani wodzichepetsayu. Kawirikawiri iye ndi wa fuko la Peugeot, kaya 404 kaya 504, banja lomwelo limene linaika maliro a mwana wa mfumu uja. Ndipo anzake a msinkhu wake anaoloka Zambezi pa mlatho wa mu 1973 usanatchedwe Samora Machel, nayenda m'mdipiti woperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe pakati pa Cuchamano ndi Zóbuè m'zaka za nkhondo, imene inatha pamene mtendere unasainidwa ku Rome mu 1992. Wotere akapuma, ndani angamutche waulesi? Iye anadziwiratu kuti kuthamanga sikufika.

Ukoma wake ndiuwerenge bwanji? Ndi wodziletsa, pakuti ngakhale mafuta akwere mtengo kasanu pa chaka, iye salawa ndi dontho lomwe. Ndi wamtendere, pakuti chikhalire pa miyalapo sanagundepo munthu, ndipo wapolisi sanamufunsepo zikalata. Ndi wochereza alendo, pakuti m'mwezi wa Novembala, pamene kutentha kwa ku Tete kupitirira madigiri 40 ndipo mlambe ulibe mthunzi wokwanira, mbuzi zibisala kunsi kwake, ndipo nkhuku, zosapempha chilolezo, ziikira mazira pa mpando wa dalaivala. Ndi wopatsa koposa olemera onse, pakuti ena apereka zotsala, koma iye apereka thupi lake lomwe: marimu asanduka mbaula, matayala asanduka nkhwayira, masipuling'i apita kwa wosula nabwerako ali nkhwangwa, ndipo mpando wakumbuyo uli pakhonde kulandira apongozi. Ndi mphunzitsinso, pakuti ana amene sanafikepo ndi ku Moatize komwe, akagwira chiwongolero chake nalira ndi milomo m'malo mwa injini, afika ku Beira ndi ku Blantyre tsiku limodzi, opanda chiphaso, nabwerera nsima isanazizire. Ulendo wotere SM sinauyendepo.

Chifukwa chake, inu ogula zitsulo zakutha, amene muyendayenda ndi sikelo kuyesa akuluakulu pa kilo, pitirirani mwaulemu pakhomo limenelo. Ngati mlandu wa malo ulipo, yambani mwakambirana ndi nkhuku, pakuti ndizo zakhalitsa pamenepo. Ndipo musanatchule mtengo, mverani mwini wake, munthu wa chikhulupiriro chosagwedezeka, amene chaka ndi chaka alumbira pamaso pa mkazi wake kuti changotsala batire basi, mwezi wamawa chilira.