Makala Angasanduke Bwanji Maginito?

Tili ana tinkachotsa maginito m'sipika ya wailesi yakufa n'kumatolera misomali ndi mapini m'dothi. Makala sankakakamira. Mtima wa pensulo nawonso ayi. Ndiye mundithandize: zatheka bwanji kuti kaboni yemweyu, wa m'makala ndi m'pensulo, akhale maginito?

Graphene ndi kansalu ka kaboni kopyapyala zedi, kuchindikala kwake atomu imodzi basi. Andre Geim ndi Konstantin Novoselov adakasenda ndi selotepi ku Manchester mu 2004. Pakokha si maginito. Koma mukasanjika tiwiri, kapamwambako n'kukapotoza pang'ono, madigiri 1.1 okha, khalidwe lake limasinthiratu. Kupotoza kokhako? Osathiramo ngakhale fumbi la chitsulo?

Kuti ndimvetse, ndidatenga maneti awiri a udzudzu, kuwasanjika padzuwa, ina n'kuipendeketsa pang'ono. Pomwepo padaoneka mawanga akuluakulu, ena akuda ena owala, omwe pa neti imodzi palibe. Asayansi amawatcha moiré, ndipo amaonekanso pa graphene yopotozedwa. Mu 2011, Rafi Bistritzer ndi Allan MacDonald adawerengera kuti pa kupotoza graphene kuja maelekitironi, omwe mu graphene amathamanga ngati mphezi, amachita ngati aima. Akaima amayamba kumvana ndi kukankhana, n'kumachitira zinthu limodzi. Mu 2018 gulu la Pablo Jarillo-Herrero ku MIT lidaona magetsi akudutsamo popanda chowatchinga chilichonse. Chaka chotsatira, gulu la David Goldhaber-Gordon ku Stanford lidapezamo maginito.

Apa m'pamene mutu wanga waima. M'chitsulo, mphamvu ya maginito imachokera makamaka ku spin, ngati kuti elekitironi iliyonse ndi nguli yozungulira pamalo pake. Mu graphene yopotozayi imachokera ku njira yomwe maelekitironi amayenda mozungulira, onse kulowera mbali imodzi, ngati amayi pabwalo la gule. Nanga woyimba ng'oma ndani? Amawauza ndani kuti lero tilowere kumanja osati kumanzere? Ndipo n'chifukwa chiyani kamagetsi kakang'onong'ono kamatha kutembenuza gule yenseyo? Funso limeneli limandikoka mtima, poti n'lomwe likupatsa anthu maganizo osungiramo zinthu za m'kompyuta.

China n'chakuti zonsezi zimaoneka pozizira koopsa, kupitirira madigiri 260 pansi pa ziro. Kodi kutentha kumamwaza bwanji mgwirizanowu?

Aphunzitsi a fizikisi, chonde tifotokozereni m'Chichewa chomveka. Maneti awiri aja ndawasunga, ndibwera nawo.