Kalata yochokera ku Joni: Chigumu chakuda cha a dona

Randburg,
Johannesburg.
14 Januwale

Okondedwa Amayi,

Ine kuno ndili bwino, kungoti buluku layamba kundithina m'chiuno, ndipo mlandu umenewu ndi wanu. Khalani pamphasa ndikufotokozereni.

Botolo la chiponde munapatsira transipota lija linafika pa Park Station lili lamoyo. Munalikulunga m'chitenje ndi majumbo asanu ngati mankhwala a kwa sing'anga, moti mnyamatayo pondipatsa anachita kuyang'ana uku ndi uku, n'kundinong'oneza kuti, "Achimwene, ngati ndi za mwayi wa ntchito, mundigaireko."

Kunotu mwezi wa Disembala mzinda umasamuka. Pakangokwana pa 16, mabwana amanyamula ana ndi zikwama kuthamangira kunyanja yamchere, ena ku Durban, ena ku Cape Town. Ine ndinatsala ndi makiyi ndi agalu awiri. Atabwerako sabata yatha, a dona anakwera pasikelo n'kukuwa ngati aponda njoka. Tsiku lomwelo analamula kuti chilichonse chotsekemera chituluke m'nyumba. Amayi, kumudziko Januwale anthu amaonda osafuna, koma kuno munthu amalipira ndalama kuti aonde. Ndinangogwira pakamwa.

Ndiye zotsala zonse za Khirisimasi zinagwera ine. Panali chitini cha Quality Street momwe munatsala maswiti okanidwa ndi banja lonse, ma Bar-One atatu, Lunch Bar mmodzi ndi theka, ma Smarties odzaza dzanja, komanso Father Christmas wa chokoleti wopanda mutu, poti mwana wa abwana anayambira kumutuko. Ndinaganiza zokutumizirani, koma ndinakumbukira kuti basi imayenda masiku awiri, kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda mpaka ku Tete. Inu ku Tete simunafikeko. Kumeneko ngakhale mwala umatuluka thukuta. Father Christmas akanafika ku Mchinji ali phala, ndipo anthu akanati mwana wanu wakutumizirani matope a ku Joni.

A dona atandiona ndikusinkhasinkha pachitinipo anati, "Bwanji osaphika brownies?" Ndinavomera msanga ngati ndikuzidziwa, poopa kuoneka wakumudzi. Kuti mumvetse, brownies ndi chigumu cha ku America. Kusiyana kwake n'kwakuti n'chakuda bii, chifukwa amathiramo koko, ndipo amachiphula dala chisanapsetse. Inde, Amayi, chinthu chomwe munkakalipira achemwali kuti aphula chigumu chamadzi m'kati, kuno n'chimene chili m'buku la maphikidwe.

Anandilembera papepala: majarini magalamu 150 osungunula, shuga kapu imodzi, mazira atatu, koko theka la kapu, ufa wa tirigu theka la kapu ndi pang'ono, kamchere kotsina ndi zala. Kenaka kuduladula maswiti n'kusakaniza, kudonthezera chiponde pamwamba, kuchizunguza ndi nsonga ya mpeni kuti chilembe mizere, basi n'kulowetsa mu uvuni wotentha madigiri 180 kwa mphindi 25.

Nditawerenga ndinaseka chamumtima. Shuga kuposa ufa? Soda osatchulidwa n'komwe? Ndinati mzunguyu njala yamusokoneza mutu. Ine mwana wa mayi wodziwika pa chigumu msika wonse wa Kamwendo, ndinakonza zolakwikazo. Ufa ndinawirikiza kawiri, soda ndinathira supuni yodzaza. Mphindi 25 zitakwana ndinabaya ndi mpeni monga mumachitira inu, mpeni unatuluka wonona, ndiye ndinatsekanso uvuni kwa mphindi zina 25.

Safunsa adadya phula, Amayi. Chomwe chinatuluka mu uvunimo chikanathandiza pakhoma la tchalitchi lomwe linagwa ndi mvula lija. Ndinamudulira mnzanga wa ku Mangochi yemwe amagwira ntchito ya m'maluwa nyumba yoyandikana nafe. Analuma kamodzi, n'kukumana ndi tofi uja wovala pepala lagolide, yemwe anali atasungunuka n'kuumanso ngati phula la pamsewu. Mano anagwirana. Munthu wolongolola ngati uja anakhala chete mphindi zitatu, misozi ili chuchuchu. Atamasuka anangoti, "Achimwene, tinalakwirana chiyani?"

Ndinati bola agalu andithandize kubisa manyazi. Ndisanaponye n'komwe, a dona anatulukira akuthamanga opanda nsapato. Kani chokoleti kwa galu ndi poizoni, ingathe kumupha. Ndinaphunzira tsiku limenelo kuti njerwa yangayo inali yoyenera mnzanga wa ku Mangochi koma osati galu wa abwana.

Loweruka ndinayesanso ndi maswiti omwe anatsala, ulendo uno motsata pepala ngati malamulo khumi. Ma tofi ndinawapatula. Father Christmas ndinamudula nthulinthuli ndikupepesa. Kenaka ndinatsegula botolo lanu. Mafuta anali atayandama pamwamba, ndipo nditavundula ndi supuni, fungo linadzaza khitchini yonse, fungo la mtedza wokazinga paphale. Ndinaima kaye. Ndinakuonani muli pamtondo kuseri kwa nkhokwe, mukupukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje. Ndisanamalize kukusowani, thireyi itangokhala mu uvuni mphindi khumi, magetsi anathima. Musamamve zonama za obwera kutchuthi, kunonso amathima.

Pamenepo ndiye sukulu yanu inagwira ntchito. Kuseri kwa nyumba kuli mbaula yowotchera nyama, yomwe kuno amati braai. Ndinakoleza makala, ndinaika thireyi pamoto wofatsa, ndinavundikira ndi chitsulo, makala ambiri n'kuwaika pamwamba monga mumachitira ndi chigumu. Abwana anaima pakhomo akundiyang'ana ngati ndikuombeza. Nditabaya ndi mpeni n'kuona tinyenyeswa tonona titakakamira, mtima unati onjeza moto, koma ndinakumbukira mano a mnzanga uja. Ndinaphula.

Chovuta kwambiri ndi kudikira kuti chizizire, chifukwa ukachidula chamoto chimaphwasuka. Chitazizira, pamwamba panali kakhungu kong'aluka, m'kati mofewa ngati mbatata yootcha, apa chokoleti, apo ka Smarties, ndipo mizere ya chiponde chanu ikudula kutsekemerako ndi kamchere kake. Ndinadula zidutswa 16. Ndinadya ziwiri, n'kupita nacho chimodzi kwa mnzanga kukapepesa. Anayamba wachigogoda ndi chala asanalume.

Zotsala 13 ndinazisiya pathebulo. M'mawa ndinapeza zisanu ndi ziwiri. Agalu anagona panja. Ana sadya mtedza. Abwana anangodya chimodzi pamaso panga. A dona, omwe akuti masiku ano akungodya masamba osaphika ngati kalulu, ananena kuti mwina m'nyumba mwalowa makoswe. Ine ndinavomereza mwaulemu kuti makoswe a ku Randburg ndi ochenjera, amadziwa kugwiritsa ntchito mpeni ndi kutsuka mbale.

Abwana anandifunsa kuti chiponde chimenechi ndinachigula kuti, poti sichikufanana ndi Black Cat yemwe amagula kusitolo. Ndinawauza kuti fakitale yake ili ku Mchinji, makina ake ndi mtondo ndi munsi, ndipo mwini fakitale ndi amene anandibereka. Akufuna mabotolo awiri, ndipo alipira.

Tsono ndipepese, Amayi. Ndili mwana, mukangotulutsa lichero la mtedza kuti tiswe, ine m'mimba munkayamba kupweteka. Mukati ndigwire munsi, ndinkakumbukira homuweki yomwe aphunzitsi sanapereke. Ndinkati ndikadzapita ku Joni ndizidzadya za m'masitolo zokhazokha. Lero ndadutsa mayiko awiri kudzapeza kuti maswiti a mapepala onyezimira anali otayidwa mpaka atakumana ndi chiponde chanu.

Chonde mtedza wa chaka chino musathamangire kugulitsa wonse kwa mavenda. Sungani matumba awiri. Ndalama ya feteleza wobereketsa ndatumiza pa Mukuru, achemwali akakutengereni. Pa Isitala kuno kumadzaza mazira a chokoleti, ndipo a dona adzakweranso pasikelo, choncho botolo lina lifike mwezi wa Malichi usanathe.

Chinanso, nkhani ya kuphikayi ithere pamphasa yanu pomwepo. A malume ndinawauza kuti kuno ndine manejala, ndipo sindinaname kwenikweni, poti agalu awiri aja amamvera ine. Achemwali mukhoza kuwauza mbali imodzi yokha, yakuti chigumu chawo chamadzi m'kati chija sichinali cholakwika, anangobadwira dziko lolakwika.

Perekani moni kwa agogo, a malume ndi onse a pa mpingo. Botololo ulendo uno likulungeni m'jumbo imodzi yokha, anthu akundiopa.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Mzime wanu wa ku Joni