Maondo anga ndi Achikatolika

Munthu amene adaphunzira sukulu yogonera ya anyamata ya Akatolika simuchita kumufunsa. Amakuuzani yekha. Mukumane naye pamaliro, pamzere wa kubanki kapena pogula tomato, moni asanathe wayamba kale: "Ife nthawi yathu, kwa a Bulazala..." Wa ku Zomba Catholic ndiye sataya nthawi ndi dzina lonse. Amangoti "Box 2" n'kukhala chete kudikira kuti muvule chipewa, poti sukulu yawo idatsegulidwa kalekale mu 1942. Wa ku Mzedi, wa ku Likuni, wa ku Mtendere, wa ku Chaminade ku Karonga, onsewa nkhani yawo ndi imodzi: sukulu idatiumba, idatipanga amuna.

Inenso matendawa ndili nawo. Dzina la sukulu yanga sinditchula, chifukwa pali kabuku ka mulaibulale komwe ndikukhulupirira kuti akukafunabe. Koma zoumbidwazo ndati lero ndiziwerengere poyera, pakuti mayi a kunyumba akuti iwo akandiyang'ana bwinobwino sakuona pomwe padaumbidwapo.

Ndidapitako kumapeto kwa 1988. Bambo anga anali mkulu wa mpingo wa CCAP, munthu wa jekete ngakhale m'mwezi wa Okutobala. Boma posankha ana opita ku sekondale silinkafunsa kuti mumapemphera kuti, ndiye kalata itabwera bambo adasangalala theka, theka n'kudandaula. Tsiku lonyamuka adandiitanira kuseri kwa nkhokwe.

"Mwanawe, ukatenge maphunziro awo okha. Zogwadagwadazo ukazisiye komweko."

Mayi analibe nthawi ya zachiphunzitso. Iwo adalongedza chiponde, shuga, chigumu ndi mtedza wokazinga m'sutikesi ya malata, n'kundiuza kuti ndizidya pang'onopang'ono zindifikitse kumapeto kwa teremu.

Zidandifikitsa kumapeto kwa tsiku. Amene adatilandira pachipata sanali a Bulazala ayi, anali anyamata a Fomu 2, nkhope zachifundo, mpaka kutinyamulira katundu. Ndidati koma Akatolika ndi anthu abwino bwanji. Pofika usiku chiponde chinali chitalowa m'mimba za eni sukulu, ine ndili chokwawa pansi kuyeza kutalika kwa hositelo ndi kamtengo ka machesi. Ndili pakatikati wina adayetsemula dala, nambala n'kundithawa, ndipo adandiuza mwaulemu kuti ndikayambirenso kukhomo. Usiku umenewo ndidalumbira misozi ili m'maso kuti ine ndikadzakula sindidzazunza mwana wa munthu. Chaka chotsatira bokosi la machesi ndinkasunga ndine.

Belu lathu linali mkombero wa tayala la lole, wopachikidwa pamtengo. Linkalira kunja kusanayere. Mu Juni madzi osamba ankaluma, moti ambirife tinkanyowetsa kumaso ndi mawondo okha, malo omwe a Bulazala ankayang'ana. Kenako Misa. Ife a mipingo ina sankatikakamiza masiku a m'kati mwa sabata. Tinali ndi ufulu wonse wosankha pakati pa tchalitchi ndi chitchetcho, chifukwa osapita ku Misa ankakatchetcha udzu wa mame kubwalo la mpira. Ndidayesa kuimirira pa chikhulupiriro cha makolo anga, koma manja atatuluka matuza ndidaona kuti Mulungu ndi mmodzi.

Vuto linali kudziwa nthawi yoima, yokhala ndi yogwada. Anzanga akagwada ine ndaima, akaima ine ndakhala, ndikati ndigwade iwo akutuluka. Koma maondo atazolowera ndidatulukira luso lomwe mpaka lero ndimanyadira: kugona chogwada. Zigongono pabenchi, chipumi pa zala zopingasa, maso otseka, mpweya pang'onopang'ono kuti mkonono usamveke. Zidafika poti Bulazala wina wokalamba, mzungu wa Chichewa cha m'buku, adandiitanira kuofesi.

"Mwana wanga, ndakhala ndikukuona. Anzako onse atuluka, iwe ukadali m'pemphero. Kodi sukumva kuti Ambuye akukuitana?"

Ndidayankha kuti ndikumva pang'ono. Ndikadatani? Adandipatsa kolona ndi kabuku ka mbiri ya oyera, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndidayenera kumagona motalikirapo kuti ndisawakhumudwitse.

Chimene ndinkawasirira anzanga Achikatolika ndi kulapa. Kuseri kwa nyumba ya a Bulazala kunali munda wa nthochi, mapapaya ndi malalanje, ndipo tonse, mosayang'ana mpingo, tinkauyendera usiku. Loweruka masana anzangawo ankafola kwa bambo mfumu, kulowa mmodzimmodzi, n'kutuluka opepuka, okonzeka kuyambiranso Lolemba. Ine wa CCAP ndinalibe kokatula. Nthochi zonse za zaka zinayi ndikadali nazo pamtima.

Tsopano tifike kudayiningi, chifukwa ngati pali malo pomwe ndidaumbidwadi ndi pamenepo. Nsima inali ya mgaiwa, yolimba moti ukaigwetsa pansi inkadumpha. Ndiwo zinali nyemba. Masana nyemba, madzulo nyemba, ndipo pofuna kusintha ankatipatsa kabichi wowiritsa ndi nyemba pambali. Nyembazo zinkabwera ndi eni ake, anankafumbwe, akuyandama pamwamba pa msuzi miyendo ili m'mwamba. Wa Fomu 1 ankawatola mmodzimmodzi n'kumawaika m'mbali mwa mbale. Wa Fomu 2 ankangowakankhira pambali ndi chala. Wa Fomu 3 ankadya osayang'ana. Wa Fomu 4 akapeza msuzi uli mbee ankakafunsa kukhitchini kuti nyama yapita kuti lero. Panalinso mphekesera, yomwe mnyamata aliyense wa sukulu yogonera adaimvapo, yoti akukhitchini amathiramo palafini kuti magazi athu asamatenthe tikaona siketi. Ngati ankathiradi, ndiye kuti palafini wake anali wosukuluka.

Lenti ikafika bambo mfumu ankalalikira mwamphamvu za kudzimana, kuti Lachisanu tisadye nyama. Ife tinkangoyang'anana. Nyama inkaoneka Lamulungu lokha, kanthuli kamodzi pamunthu, kotero kuti Lenti yathu inkayamba tsiku lotsegulira sukulu. Kanthuli kameneko kanalinso ndalama. Unkatha kugula nako sopo, kubwereka buluku kapena kulipira wokulembera masamu. Teremu ina ndidagulitsiratu nyama yanga yonse kwa mnyamata wina wodziwa algebra, ndipo Lamulungu lililonse ndinkamuperekera ndekha pambale pake, iye n'kumatafuna akundiyang'ana m'maso. Masamuwo ndidalepherabe.

Patebulo tinkakhala gulu, beseni la nsima limodzi pakati. Pemphero lisanathe palibe wololedwa kugwira, choncho tonse tinkapemphera diso limodzi lili pa mtanda wa nsima womwe unali waukulu. Chizindikiro cha mtanda chinkafupika mpaka kungokhala ngati munthu akuingitsa ntchentche pamphuno, dzanja lomwelo n'kutsikira m'beseni. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo ife tidaumvetsa mwambiwu kuposa aphunzitsi a Chichewa.

Maphunziro amenewa ndi omwe sadandichoke. Biology idapita, Geography idapita, koma liwiro la dzanja lilipobe. Ulendo woyamba kukaonekera kwa apongozi, adandiikira nkhuku yathunthu. Akuluwo ali m'kati mosamba m'manja, akufunsa za mvula kwathu, ine n'kuti ndikupukuta mbale, mkono wamanzere nditazinga chakudya kuopa adani. Apongozi aakazi adaitanira mwana wawo kukhitchini n'kumufunsa ngati kwathu kudagwa njala. Mpaka lero mayi a kunyumba tikakhala paukwati amanditsina pantchafu n'kunong'ona kuti, "Bambo, palibe akulandani."

Za atsikana ndingonena mwachidule, poti panalibe zambiri. Loweruka lina kunkakhala kanema muholo, ndipo mwamuna ndi mkazi akangoyandikizana milomo, chikhatho cha Bulazala chinkatseka pulojekita, holo yonse n'kubuula mumdima. Kamodzikamodzi ankatitengera ku dansi kusukulu ya atsikana ya asisitere. Tinkadzola Vaseline mpaka kuwala, buluku lobwereka ndi nyama ya masabata akudza, koma povina sisitere ankayendayenda pakati kuonetsetsa kuti mphepo ikudutsa bwino pakati pa iwe ndi mnzakoyo. Ndidalemberapo mtsikana wina kalata, mawu onse akuluakulu otola m'dikishonale. Idabwerera patapita masabata, zolakwika zitadulidwa mzere ndi cholembera chofiira, pansi pake pali siginecha ya sisitere wamkulu.

Tchuthi choyamba ndidafika kwathu nditawonda koma ndikuyankhula Chingerezi ndi nkhuku zomwe. Madzulo nsima itabwera, dzanja langa lidachita zomwe lidazolowera: pachipumi, pachifuwa, phewa ili, phewa ilo. Bambo adaima mbamu ili m'manja. Sadakalipe. Adangotembenukira kwa mayi n'kunena kuti, "Mwaona? Fizi tikulipira ife, mwana atenga Aroma." Papa Yohane Paulo Wachiwiri atabwera ku Malawi mu Meyi 1989, ndidamva kuti bambo adakhala pawailesi tsiku lonse. Nditawafunsa pambuyo pake adati ankafuna kumva ngati alakwitse vesi.

Koma nkhani yomwe ana anga amaidziwa bwino ndi ya pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, ndili Fomu 4. Tsiku limenelo m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse mudawerengedwa kalata ya maepiskopi, Arkiepiskopi James Chiona ndi anzawo. Achinyamata a lero sangamvetse. Nthawi imeneyo chipani chinali chimodzi, Kamuzu anali pulezidenti wamuyaya, ndipo ukafuna kudandaula za mtengo wa shuga unkayamba wayang'ana kumbuyo. Ndiye kalata ikubwera n'kunena poyera za malipiro ochepa a anthu wamba, za kuchepa kwa masukulu ndi mankhwala, za anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, za mantha oletsa munthu kunena maganizo ake. Boma lidailetsa kalatayo, kupezeka nayo kudasanduka mlandu, nyumba yosindikizira mabuku ya a Montfort ku Balaka idatenthedwa, ndipo Monsinyolo John Roche wa ku Mzuzu adathamangitsidwa m'dziko. Chaka chotsatira, pa 14 Juni 1993, Amalawi adavotera zipani zambiri pa referendamu.

Ana anga ndimawauza kuti tsiku lowerenga kalatayo bambo wawo analipo, benchi lachitatu kuchokera kutsogolo. Si bodza. Chomwe sindiwonjezera n'chakuti kalatayo inali yaitali, ndipo ankaiwerenga anthu atakhala pansi. Kwa katswiri wogona chogwada, kugona chokhala ndi masewera a ana. Ndidadzidzimuka anthu akuimirira, tchalitchi chili zii, nkhope za aphunzitsi zitasintha. Panja anyamata anali m'timagulu, kunong'onezana, wina akuyang'ana uku ndi uku. Ndidamukoka mnzanga.

"Aise, chachitika n'chiyani?"

"Iwe, kalata ija sunaimve?"

"Kalata? Yachokera kwa atsikana?"

Demokalase ya dziko lino idayambira pamaso panga, maso anga ali otseka.

Mayeso a Fomu 4 ndidakhoza mwa apo ndi apo, mokwanira kupeza ntchito ya ukalaliki koma mosakwanira kumveka dzina pawailesi pamodzi ndi opita ku yunivesite. Kumpingo ndidabwerera kwathu ku CCAP, komwe ndine membala wokhulupirika, kungoti abusa akati tipemphere maondo anga amayamba okha kufunafuna pogwada, ndipo ndikadutsa kutsogolo kwa guwa bondo lamanja limagwedera. Kunja kukamacha ndimadzuka popanda wotchi ngakhale tsiku la tchuthi, n'kukhala pakhonde osadziwa chochita. Wokonza matayala kuseri kwathu akamenya chitsulo, ndimapezeka ndaima ndikufunafuna mbale.

Sukuluyo ndidapitako posachedwapa. A Bulazala achizungu aja kulibenso, ena adabwerera kwawo, ena agona kumanda a pamishoni. Hositelo yomwe ndidayeza ndi machesi ija ndi kanyumba kakang'ono zedi, sindikudziwa chomwe chidanditengera usiku wonse. Ana ake a masiku ano ndi onenepa, ndipo nditawauza za anankafumbwe adandiyang'ana mwachisoni, wina n'kundifunsa chifukwa chomwe sitidakadandaule. Ndidamuuza kuti ife tidaumbidwa. Adafunsa kuti, "Kukhala chiyani?" Ana a masiku ano alibe mwambo.

Pano tili ndi gulu la ophunzira akale pa WhatsApp. Mmenemo aliyense anali woyamba m'kalasi, aliyense ankamenya nambala 9 mu timu ya sukulu, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene akukumbuka kuti adalirapo usiku kufuna amayi ake. Wapampando ndi mkulu yemwe uja adadya chiponde changa. Lero ndi bwana wamkulu, mimba kutsogolo, ndipo akandiimbira foni ndimayankha nditaimirira. Akuti tisonkhe ndalama tikonzetse dayiningi, tikachitire komweko mwambo wokumbukira masiku okoma.

A komiti, ndalamazo ndipereka mwezi ukatha, lekani kuika dzina langa pamndandanda wa ongongola m'mawa uliwonse. Koma wapampando ayambe wachotsapo mtengo wa botolo limodzi la chiponde, pamtengo wa lero. Ndipo pamwambopo musaphike nyemba.