Ulemu Upite kwa Buledi Wosapaka

Anthu a m'tauni ofuna kuchepetsa thupi avutika mokwanira ndi funso lakuti azipaka chiyani pa buledi akasiya majarini. Wina akuti mapeyala, wina akuti chiponde, wina uchi, winanso akuti nthochi yakupsa aziikanya ndi foloko. Onsewa akulambalala yankho limene lili poyera, chifukwa yankholo ndi losaoneka bwino ndipo palibe kampani imene ingalilipirire pa wailesi. Yankho lake ndi kusapaka kalikonse. Buledi wosapaka, yemwe anthu amamutcha wouma monyodola, yemwe mayi wapakhomo amachita naye manyazi pamaso pa mlendo, ndiye mfumu ya zonse zolowa m'malo mwa majarini. Ndikufuna ndimubwezere ulemu wake, ndipo umboni ndikautenga ku Dzaleka m'boma la Dowa, mtunda wa makilomita oposa 40 kuchokera mumzinda wa Lilongwe, kumene luso la kusapaka lafika poti ena nkuphunzirako.

Tiyambe ndi woimbidwa mlandu, pakuti mlandu sugamulidwa mwini wake asanamveke. Majarini sanabadwire anthu okhuta. Mu 1869 katswiri wina wa ku France, Hippolyte Mège-Mouriès, anawapanga kuchokera ku mafuta a ng'ombe pamene mfumu Napoleon III inkafuna chinthu chotchipa cholowa m'malo mwa batala, choti asilikali ndi amphawi azipezamo mphamvu. Ntchito yawo chiyambire ndi yolongedza mphamvu zambiri m'kanthu kakang'ono, ndipo akuigwirabe mokhulupirika ngakhale masiku ano amapangidwa ndi mafuta a zomera. M'majarini enieni, magawo 80 pa 100 alionse ndi mafuta. Galamu imodzi ya mafuta imapatsa thupi makalori 9, pamene ya shuga kapena sitalichi imapereka 4 okha. Motero supuni yaikulu imodzi ya majarini ili ndi makalori pafupifupi 100, pomwe silaisi ya buledi imene tikuipakayo ili ndi 70 kapena 80. Apa katundu walemera kuposa njinga yomunyamula. Kuti munthu wamkulu athetse supuni imodzi ija ayenera kuyenda pansi makilomita pafupifupi 2, ndipo tonse tikudziwa kuti dzanja likagwira mpeni pa Blue Band kapena Stork silimva za supuni imodzi.

Nanga opikisana naye buledi wosapaka ali ndi chiyani? Peyala ndimulemekeze: pa magalamu 100 ali ndi makalori 160 pamene majarini ali ndi oposa 700, ndipo mafuta ake ndi okomera mtima. Vuto lake nlakuti palibe amene amapaka peyala mopyapyala. Amamuunjika mpaka buledi kusowa, kenako nyengo yake ikatha amazimiririka pamsika ndi kumusiya munthu akubwerera kwa mdani uja. Nthochi ili ndi makalori pafupifupi 90 ndipo ndi yabwino ndithu, kungoti ikalowa imodzi imaitana inzake. Uchi uli ndi oposa 300 ndipo wodwala shuga sangaudalire. Majarini opepuka aja, amene amalembedwa kuti ali ndi mafuta ochepa, chinsinsi chake ndi madzi: achotsamo mafuta ena, athiramo madzi, inu nkugula madziwo pa mtengo wa m'sitolo. Koma wachinyengo wamkulu ndi chiponde. Mtedza wa ku Dowa ndi ku Ntchisi ukasinjidwa umapereka makalori pafupifupi 590 pa magalamu 100, kungotsala pang'ono kuwapeza majarini. Umboni wake uli m'zipatala zathu zomwe, kumene mwana wonyentchera amapatsidwa chiponde chamankhwala kuti thupi libwerere, kapaketi kamodzi ka magalamu 92 kali ndi makalori 500. Chinthu chimene anamwino amanenepetsera ana sichingakhale bwenzi la bwana wofuna kuphwetsa mimba. Tsono ikani zonsezi pa sikelo limodzi ndi chimene chili pa buledi wosapaka. Makalori ake ndi 0. Sichivunda, sichifuna firiji, sichikwera mtengo kwacha ikagwa, ndipo chimapezeka dzinja ndi chilimwe chomwe.

Wina anganene kuti zimenezi ndi zodziwika, vuto ndi kuzitsatira. Zoona zedi. Chimene chimagwetsa aliyense wochepetsa thupi ndi mtima wake womwe: amalumbira Lolemba, Lachitatu usiku ali pa firiji. Apa ndipo Dzaleka akuonetsa ukatswiri, chifukwa kumeneko mtima wa munthu wachotsedwa m'nkhaniyi. Malowa ali ndi mbiri yoonda kuyambira kale, pakuti pa ulamuliro wa Kamuzu Banda panali ndende, ndipo m'zaka za m'ma 1970 munatsekeredwa a Mboni za Yehova ambirimbiri. Mu 1994 anasandutsidwa msasa wa anthu othawa kwawo, wokonzedwera anthu 10,000 kapena 12,000. Lero muli anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Democratic Republic of Congo, Burundi ndi Rwanda, ena ku Ethiopia ndi Somalia. Muyeso umene mabungwe othandiza anagwirizana ndi wakuti munthu wodalira thandizo azilandira chakudya cha makalori 2,100 pa tsiku. Mu 2023 bungwe la World Food Programme linalengeza kuti ndalama zochokera kwa opereka thandizo zaperewera, ndipo linadula gawo la anthu a ku Dzaleka ndi theka, monga linachitiranso mu 2019. Theka la 2,100 ndi 1,050. Alangizi a zakudya amauza munthu wonenepa kuti achotse makalori 500 pa tsiku, ndipo iye amalira, nalipira ndalama ku jimu kuti wina azimukalipira. Ku Dzaleka anachotsa kuwirikiza kawiri, kwa aliyense, gogo ndi khanda lomwe, popanda wolipira ngakhale tambala. Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Alendo athuwa kalumoko sanabwere nako okha, tinachita kuwagwiritsa, komabe nzeru yake tiilandire.

Ulemu usapite kwa opereka thandizo okha, ngakhale boma la America linaonjezapo dzanja mu 2025 podula thandizo lake la kunja. Ifenso tachitapo mbali yathu. Dziko la Malawi povomereza pangano la 1951 lokhudza anthu othawa kwawo linakana kumangidwa ndi ndime zingapo, kuphatikizapo za ufulu wogwira ntchito yolipidwa ndi woyenda kapena kukhala kumene munthu wafuna, ndipo lamulo lathu la 1989 lidakalipo. Ena amati imeneyi ndi nkhanza. Ine ndikuti ndi chitetezo, chifukwa munthu wolandira malipiro sachedwa kugwa m'mayesero a Blue Band. Taonani zimene zinachitika mu May 2023. Othawa kwawo ambiri anali atakhazikika m'makwalala a ku Lilongwe ndi m'maboma ena, akuyendetsa timagolosale, kutanthauza kuti ankakhala tsiku lonse moyang'anizana ndi mashelefu a majarini, shuga ndi mafuta ophikira. Apolisi ndi asilikali anawasonkhanitsa, ena nkuwadutsitsa kundende ya Maula, nkuwabwezera ku Dzaleka kumene ngozi yotereyi kulibe. Ndipo kuti eni dziko asadandaule kuti akumanidwa mankhwala, mu November chaka chomwecho kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mitengo ya m'sitolo inalumpha, ndipo buledi wosapaka analowa m'nyumba zambiri za ku Mponela, ku Lumbadzi ndi ku Area 25 zimene kale zinkamuyang'ana chammbali.

Otsutsa sasowa. Oyamba akuti buledi wouma amatsamwa. Ndiye ubwino wakewo. Chakudya choterera chimatsika munthu asanaganize, pomwe chotsamwa chimamuphunzitsa kutafuna modekha ndi kumwera tiyi wambiri, mimba nkudzaza madzi. Achiwiri ndi ophunzira, ndipo mfundo yawo ndi yolemerapo. Akuti majarini amathiridwa mavitamini A ndi D, komanso thupi silingayamwe mavitamini A, D, E ndi K popanda mafuta pang'ono m'chakudya, kotero kuti munthu wosalawa mafuta angadye masamba ndi mbatata yofiira mkati koma phindu lake lina nkungodutsa. Sindikana. Ndingowakumbutsa kuti m'dziko muno lamulo limati shuga ndi mafuta ophikira azithiridwa vitamini A, choncho vitaminiyo alipo, ali bwinobwino m'sitolo, wosungika m'botolo lotseka. Kuti munthu wa theka la gawo sangakwanitse kugula botololo ndi nkhani ya zachuma, ndipo tisasakanize maphunziro.

Chitsutso chachitatu ndicho chimandigwira pakhosi, ndipo sindichithawa. Akuti mankhwalawa apatsidwa kwa amene sakudwala. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 21 pa 100 alionse m'dziko muno ndi onenepa mopitirira muyeso, ndipo m'mizinda chiwerengerocho chinali 36. Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi akukula pakati pa anthu oterewa, ndipo iwo ndiwo akufunikadi kusiya majarini. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Mwana wa ku Dzaleka, ngakhalenso mnzake wa m'mudzi woyandikana nawo kuseri kwa phiri, sanapemphe kuchepetsedwa thupi. Mayi woyembekezera ndi woyamwitsa amafunika chakudya choonjezera, osati chochotsera. Yankho langa nlakuti otsutsawa sakuona kukula kwa chipambanochi. Dandaulo la aliyense wochepetsa thupi ndi lakuti thupi limabwerera: wataya makilogalamu asanu, Khirisimasi ikadutsa abwerera asanu ndi awiri. Koma azaumoyo amatiuza kuti msinkhu ndi nzeru zimene mwana wataya m'masiku 1,000 oyamba, kuchokera pamene mayi waima mpaka mwanayo atakwanitsa zaka ziwiri, nzovuta kwambiri kuzibweza. Ndi jimu iti mu Lilongwe ingalonjeze zotsatira zokhalitsa moyo wonse? Amene akuona kuti yankho ili ndi lozizira adziwe kuti si ine ndinalikonza. Ine ndangoliwerenga m'ziwerengero.

Choopsa chenicheni kwa buledi wosapaka chili mkati mwa msasa momwemo, ndipo ndi anthu ake. Samvera malangizo. Lachiwiri lililonse pamakhala msika waukulu umene umakoka ogula ndi ogulitsa ochokera m'midzi ya ku Dowa mpaka ku Lilongwe, ndipo fungo la chapati ndi mandasi, zonse zosambira m'mafuta, limamveka patali. Amayi a ku Congo amasinja chigwada, chimene iwo amati sombe, nkuchinonetsa ndi mafuta kapena nsinjiro. Anyamata amakagwira ganyu m'minda ya eni dera, ena amasoka, amameta, amakonza mafoni, kuti apeze kobiri loonjezera pa gawo lija. Kuyambira mu 2014 amachititsanso chikondwerero cha Tumaini, chimene anayambitsa mlakatuli wa ku Congo Menes La Plume, ndipo alendo ochokera m'mizinda amapita kukavina, kudya ndi kusiya ndalama. Konseku ndi kuzembera mankhwala. Munthu amene wapatsidwa mwayi woonda mwaulere nkumathamangabe usana wonse kufunafuna supuni ya mafuta yoti aike mu ndiwo za ana ake, ameneyo ndi wosayamika. Ndi anansi awo a m'midzi okha amene amandipatsa chiyembekezo, pakuti ambiri a iwo anapitirira kale pa buledi wosapaka nkufika pa kusagula buledi kumene. M'mawa amadya mbatata, chinangwa kapena mkute zikakhalapo, ndipo m'miyezi ya January ndi February nthawi zina amangosukusula nkulowera kumunda.

Pamveka mawu akuti lamulo la 1989 liunikidwenso kuti othawa kwawo aziloledwa kugwira ntchito ndi kuchita malonda momasuka. Aphungu athu olemekezeka, musapupulume. Mukangowamasula manja, mphunzitsi wa ku Bukavu ayamba kuphunzitsa, namwino wa ku Bujumbura alowa m'chipatala, alandira malipiro, akhoma msonkho, ndipo mwezi usanathe mudzapeza Blue Band pa tebulo lawo. Zaka zoposa 30 za ntchito yabwino zidzapita m'madzi.

Inu owerenga amene lamba wayamba kukuthinani, mawa m'mawa dyani silaisi yanu yosapaka, kapena ikanipo peyala pang'ono ngati mtima wafooka. Mukatero mwachotsa makalori pafupifupi 100. Kuti mufanane ndi muyeso umene munthu wa ku Dzaleka anapatsidwa mu 2023, kwatsala 950, ndipo musankhe nokha mbale imene mukawachotsemo, yanu kapena ya mwana wanu.