Ndinagulitsa ng'ombe n'kugula ngolo

Makina anga akale analibe mlandu. Anali AV receiver wamba, bokosi limodzi lakuda lolandira chithunzi ndi mawu, kugawa mawuwo, n'kuwakankhira ku masipika asanu ndi sabuufa imodzi, dongosolo lija amalitcha 5.1. Galimoto ikadutsa mufilimu, ana ankatembenuka kusuzumira kuseri kwa sofa. Munthu wanzeru akanathokoza Mulungu n'kukhala pansi.

Ine ndinayamba kuonera azibambo a ku America pa YouTube, aja okhala ndi zipinda zoonereramo mafilimu kunsi kwa nyumba zawo. Onse ankayimba nyimbo imodzi: receiver ndi ya ongoyamba kumene, wodziwa mawu amagula surround processor. Ankatamanda Dolby Atmos, yomwe inayamba m'nyumba za kanema mu 2012 ndi filimu ya Brave, n'kufika m'makomo mu 2014. Ankati mawu sakhalanso omangika pa sipika imodzi, amayendayenda m'chipinda, ndipo ukakhala ndi 7.1.4, masipika anayi amakhala kudenga, mvula ya mufilimu n'kumakugwera pamutu. Ine, munthu wa ku Chilomoni amene mvula yeniyeni imandigonthetsa m'khutu pamalata chaka chilichonse, ndinaona kuti moyo wanga ukusowa mvula ya kudenga.

Receiver ija ndinagulitsa kwa alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba, pamtengo wachibale. Ndinaonjezera ndalama za chipereganyu cha kuntchito, msuweni wanga wa ku Johannesburg n'kundipezera processor yogwirako kale ntchito. Inabwera pa basi, ndinakailandira ku Wenela nditavala jekete. Pulagi yake inali ya ku Joni, ya mano atatu obulungira. Ndinaidula n'kuikapo yathu ya mano a makona, ndipo poti magetsi athu ndi awo ngofanana, 230 V, makinawo anayaka bwinobwino. Kupambana kakang'ono kameneka n'komwe kanandipha, chifukwa kuyambira pamenepo ndinadziyesa injiniya, buku la malangizo n'kulisiya m'katoni.

Ndinaitana anthu Loweruka madzulo: alamu ndi akazi awo, aneba awiri, ngakhale mkulu wina wa kumpingo. Nkhuku inaphedwa. Alendo atakhala, ndinatembenuza makinawo kuti ndilumikize mawaya a masipika. Kumbuyoko kunali mabowo ankhaninkhani: a HDMI, a RCA, ndi mzere wa ena obulungira a mano atatu otchedwa XLR. Koma tizitsulo tija tofiira ndi takuda, tomangirapo waya wa sipika, panalibe ndi kamodzi komwe. Ndinayang'ana pansi pake. Ndinayang'ana m'katoni. Chithunzi pa TV chinkaoneka mbee, filimu ikuyenda, anthu akutsegula pakamwa m'menemo, m'nyumba muli zii.

"Alamu, nanga amplifaya ili kuti?"

"Ili m'katimo," ndinayankha molimba mtima.

"Tanyamulani."

Ndinanyamula. Inali yopepuka moti mwana akanathamanga nayo. Receiver yakale ija inkathyola msana chifukwa cha thiransifoma yaikulu ndi zitsulo zoziziritsira zomwe zinali m'kati mwake, ndipo zimenezo ndiye mphamvu yoyendetsa masipika. Alamu anafotokoza modekha, pamaso pa mkulu wa mpingo, kuti processor ntchito yake ndi kumasulira Dolby kapena DTS, kugawa mawu ndi kukweza kapena kutsitsa voliyumu basi. Chomwe imatulutsa ndi kachizindikiro kofooka ka mavoliti ochepa, kosatha kugwedeza sipika. Sipika iliyonse imafuna njira yakeyake ya amplifaya yapadera.

"Ndiye kuti abambo mwagulitsa ng'ombe n'kugula ngolo?" anafunsa mayi a kunyumba. Palibe anaseka mokweza, chifukwa anali atadya nkhuku yanga. Filimu tinaimalizira pa timasipika ta TV.

Amplifaya imodzi ya njira zisanu, yopangidwira kugwiritsidwa ntchito m'nyumba, mtengo wake unali pafupifupi wa processor yomweyo. Apa m'pomwe ndinabwera ndi nzeru ina. Ku Limbe ndinapeza mkulu wina woyimbitsa m'maukwati akugulitsa ma amplifaya atatu akale, iliyonse ya njira ziwiri. Zingwe za XLR sizinavute, ndi zomwe zija za maikolofoni a kutchalitchi. Ndinakongola kwina n'kutenga onse atatu, ndikunyadira mawati mazanamazana olembedwa kutsogolo kwake. Panthawiyo sindinkadziwa kuti kuwirikiza mphamvu kawiri kumangoonjezera 3 dB, ndipo kuti khutu limve ngati phokoso lawirikiza pamafunika pafupifupi 10 dB, kutanthauza mphamvu yowirikiza kakhumi. Pabalaza ngati panga, mawati ochepa chabe ndiwo amagwira ntchito nthawi zambiri.

Mawu anatuluka ndithu, koma sanabwere okha. Ma amplifaya a paukwati ali ndi mafani, ndipo pabwalo la ukwati palibe amawamva. Pabalaza, atatu pamodzi, ankameza mawu onse a anthu onong'onezana mufilimu. Pansi pa mafaniwo panalinso kulira kwina kosalekeza, kwa 50 Hz ya magetsi athu. Wamagetsi yemwe ndinamuitana anati zida zanga zinali kugwira nthaka m'njira ziwiri, kudzera pa masoketi osiyana komanso pa chingwe cha dishi. Anazilumikiza zonse pa soketi imodzi, n'kuika kachipangizo pa chingwe cha dishicho, kulirako n'kutha. Anandiuzanso lamulo lomwe ndinali ndisanalimvepo: ma amplifaya amayatsidwa pomaliza, n'kuzimitsidwa poyamba. Lamulolo ndinalisunga, koma magetsi akathima n'kubweranso pakati pa usiku sadziwa malamulo. Zonse zinkayakira limodzi, masipika n'kuphulika kuti phuu, mwana wamng'ono n'kuyamba kulira. Mayunitsi nawo anayamba kutha mwezi usanafike pakati.

Kunatsala kuyeza chipinda. Processor imabwera ndi maikolofoni yomwe umaiika pomwe pamakhala mutu wa woonera, iyo n'kumaliza kaphokoso kokwera kuchokera pansi mpaka pamwamba pa sipika iliyonse. Imafuna bata lenileni. Masana kwathu kuli njinga zamoto za kabaza, chigayo ndi tambala wa aneba, choncho ndinadzuka usiku anthu onse atagona. Kaphokoso koyamba kanadzutsa agalu a mzere wonse. Kachitatu kasanathe, aneba anali pawindo ndi tochi ndi chibonga, akufunsa ngati tili moyo.

Zotsatira zake zinandichotsa ulemu wotsalawo. Makinawo ananena kuti sipika ina ya kumbuyo ndinaimangira mawaya mopingasa, wofiira pa wakuda. Masipika anga akutsogolo, omwe ndinkawatcha zimphona, anawalemba kuti ndi aang'ono, mawu onse a pansi pa 80 Hz n'kuwapereka kwa sabuufa. Ndipo ngakhale anachepetsa kugunda kwa besi, sakanatha kuletsa mawu kunjanja pa simenti ya pansi, pa makoma opanda kanthu ndi pa galasi la windo. Za masipika a kudenga, eni nyumba anayankha mwachidule kuti woboola siling'i yawo ayambe wapeza kokhala. Pomaliza mwana wanga wamkulu anandilozera kagalasi ka kutsogolo kwa processor. Mafilimu onse a pa fulashi, omwe tinkakathiritsa kumsika, ankalemba 2.0. Anali a masipika awiri okha.

Tsiku lina tinakacheza kwa alamu. Receiver ija inali pa shelefu, pansi atayala kapeti, pamawindo pali makatani olemera. Liwu lililonse linkamveka bwino lomwe. Alamu anaitembenuza n'kundionetsa mzere wa mabowo olembedwa Pre Out. Ndikanafuna mphamvu yoonjezera, ndikanangogula amplifaya imodzi n'kuilumikiza pamenepo, osagulitsa kanthu. Safunsa anadya phula. Nditawapempha kuti andigulitsenso, anati mtengo wachibale unatha.

Mlandu anaugamula ndi mayi a kunyumba. Ma amplifaya aja anabwerera ku ntchito yomwe anabadwira: Loweruka lililonse amapita ku maukwati ndi ku zinkhoswe, wonyamula ndi kulumikiza ndine, wolandira ndalama ndi kusunga kabuku ka ngongole ndi iwo. Akuti ngongole ikadzatha tidzayamba ndi kapeti, ndipo pokagula kapetiyo ine ndidzatsala kunyumba.