Dzina lili m'buku, thupi lili pa benchi

Anthu a mu Blantyre muno tili ndi njira zathu zosungira malo, ndipo zonse zimagwira ntchito. Mayi wa ku Bangwe amasiya ndowa pamzere wa madzi n'kupita kukaphika phala. Pobwerera amapeza ndowa ija yayenda yokha, yafika pafupi ndi mpopi. Kutchalitchi tsiku la ukwati chitenje chimodzi chimagwira benchi yonse. Mu depoti ya Limbe ukaponya jumbo pampando wa minibasi, ngakhale m'jumbomo mutakhala makoko a nthochi, mpandowo ndi wako mpaka ku Bvumbwe. Pamene mafuta anasowa chakumapeto kwa 2022 komanso 2024, zigubu zinkagona pamzere usiku wonse eni ake akuliza mkonono kunyumba. Lamulo lake ndi limodzi: pamalopo pakhale chinthu chooneka ndi maso, choti munthu akhoza kupunthwa nacho.

Koma ine ndinafuna kutsogola. Ndinasungitsa malo pafoni.

Anayambitsa ndi mayi a kunyumba. Tsiku la Anakubala, lija timapuma pa 15 October, litayandikira, anandiuza kuti chaka chino za chitenje ndiiwale, amayi awo ali nazo zodzaza sutikesi, zina sanazitsukepo n'komwe. Anati tikawatenge ku Thyolo, tikawadyetse pamalo abwino pamene adzukulu azisewera iwo akuonerera. Ine ndimati malo oterewa ndimawadziwa kale. Ana anga ndimawatengera ku Museum ku Chichiri kukaona sitima yakale ija yaima panja, kapena ku Njamba, kumene Papa John Paul II anachitira Misa mu 1989, titanyamula buledi ndi Sobo wosungunulira kunyumba. Kamodzi pachaka timalowa ku Trade Fair, kudya tchipisi choimirira, kutolera makalenda aulere n'kubwerera. Mayi a kunyumba anandiyang'ana osaphethira. Ndinamva.

Nzeru yoimba foni ndinaitenga kwa mlamu wanga amene ali ku Joni. Iye sasiya kutifotokozera za Gold Reef City, malo a masewera amene anamangidwa pamgodi wakale wa golide mu Johannesburg, kumene anthu amalipira ndalama kuti makina awazondotse mutu pansi. Ndi yemweyonso anandiuza kuti ku Walt Disney World, ku Orlando m'dziko la America, munthu amatha kusungitsa tebulo kutatsala masiku 60 kuti akadye. Masiku 60! Ine sindidziwa ngakhale ndiwo za mawa. Komabe zinandilowa mumtima. Ndinasankha malo ena ake kunja kwa tauni pang'ono, okhala ndi makatungwe, jumping castle, tigalimoto ta ana ndi lesitilanti pambali. Dzina lake sinditchula, mwina tsiku lina ndidzakafunako ntchito.

Anayankha foni ndi mtsikana wa mawu ozizira bwino. Anafunsa dzina, chiwerengero cha anthu ndi nthawi. Ndinati hafu pasiti thwelofu. Anati walemba. Tsiku limenelo kuntchito palibe amene anapuma. Aliyense wofunsa za holide ndinkamuyankha ndikuyang'ana kudenga kuti, "Ife tili ndi tebulo."

Tsikulo ndinavala jekete. October wa mu Blantyre mumamudziwa, phula limachita kunyezimira, agalu ali gone pansi pa magalimoto, koma munthu wosungitsa tebulo sangafike atavala malaya okha. Pageti tinalipira, ana anawamanga timapepala m'manja, ndipo ine ndinalunjika pa kauntala ndikudutsa anthu amene anali mbwee pakhomo, ena pa benchi, ena atatsamira khoma. Mumtima ndinawamvera chisoni. Anthu osadziwa kukonzekera.

"Dzina lanu lilipo, bambo," anatero mtsikana uja, chala chili pabuku. "Tebulo lanu ndi ilo lili pakona apo."

"Nanga anthu akhalapowo?"

"Akumaliza. Maminitsi teni okha. Takhalani kaye pa benchipo."

Nditatembenuka ndinaona kuti onse aja ndinawamvera chisoni akundiyang'ana mwaubale. Bambo wina wa tayi anasendera kuti tikwane. "Nanunso munaimba foni?" anandifunsa. Iye anasungitsa la thwelofu koloko.

Tsono kwathu kuno mkamwini ndi apongozi sakhala mogundana mapewa. Makolo anakonza bwino zimenezi: mukakumana panjira wina amapatuka, mukamalankhulana wina amayang'ana kumbali. Benchi ija sinkadziwa mwambo. Mayi a kunyumba anathamangira ana ku makatungwe, ine ndinatsala ndi apongozi, phewa ndi phewa, tonse maso ali pa tebulo la pakona.

Popeza nthawi inalipo yambiri, ndinaliphunzira tebulo lija bwinobwino, ndipo amene mukuganiza zosungitsa malo pa Khirisimasi mverani. Mwini lesitilanti akamalandira mafoni amawerengera kuti banja lifika, lidya, lilipira, linyamuka, lina likhala. Mawerengedwe amenewa amayenda m'tauni pakati pa sabata, pamene wodya ali ndi bwana amene akumudikira ku ofesi. Pamalo a masewera tsiku la holide palibe amene akudikiridwa kulikonse. Banja likapeza tebulo lapeza mudzi. Pansi pake amaikapo nsapato za ana, zikwama, matawulo ndi chibaluni. Mwana amabwera thukuta lili kamukamu, kuluma ntchafu ya nkhuku kamodzi, n'kuthawiranso ku jumping castle. Wayitala akati achotse mbale, mayi amagwira m'mphepete mwake: "Asiyeni, abweranso." Ndipo amabweradi, koma wina, osati yemwe uja.

Mlonda wamkulu wa tebulo ndi agogo. Banja lililonse linabwera ndi agogo ake, pajatu linali tsiku lawo. Agogo sakwera katungwe, sapita kukajambulitsa, sasuntha. Patsogolo pawo pamakhala botolo la Fanta lotsala pang'ono pansi, ndipo bola Fanta ameneyo alipo, palibe wayitala wobadwa mwa mayi amene anganene kuti tebulo latha ntchito. Agogo a pa tebulo lathu anali katswiri. Ankanyamula botolo, ife pa benchi mitima m'mwamba, iwo n'kungoliyang'ana, kulipukuta ndi chitenje, kulibwezera pansi.

Maminitsi teni atatha kangapo ndinakodola mnyamata wina wonyamula thireyi. Ndinamufunsa mwaulemu chifukwa chake amalemba anthu ambiri kuposa matebulo.

"Biggie, anthu ambiri oimba foni sabwera," anatero. "Ena amabwera dzuwa litalowa n'kumati tebulo langa lili kuti. Ndiye tikasiya tebulo lopanda munthu, abwana amatikalipira. Lero vuto ndi loti nonse mwabwera."

Anaonjeza kuti wina amasungitsa malo a anthu anayi koma pofika ali ndi alamu, wantchito ndi ana a neba, ndiye amalumikiza matebulo awiri, la munthu wina n'kupita pomwepo. Ndinapukusa mutu kudandaula ndi khalidwe lotere la Amalawi anzanga. Mnyamatayo anayang'ana m'buku, nayang'ana ana amene ankandithamangira kudzapempha ndalama, nayamba kuwerenga ndi chala. Ndinamuuza kuti awiriwo ndi a mchemwali wanga, tinangokumana nawo pa Ginnery Corner, ndipo sadya kwambiri.

Za ndalamazo ndiye musanene. Kudikira kwa bambo ndi phindu la mwini malo. Ana akamva njala sakhala pansi, amafuna china choiwalitsa njalayo, ndipo chilichonse pamalo paja chili ndi mtengo wake. Tigalimoto, kulipira. Kupenta nkhope, kulipira. Mwana wanga wamwamuna anabwera atasanduka kambuku, mlongo wake gulugufe, ndipo gulugufe analira kuti nayenso akufuna ukambuku. Ayisikilimu anasungunukira m'manja asanafike pakamwa, kugulanso wina. M'thumba la jekete ndinali nditasanja ma K2,000 oti ndikalipire chakudya mwaulemu pamaso pa apongozi. A John Chilembwe anatuluka m'thumbamo mmodzimmodzi, osatsanzika.

Kenaka panafika galimoto lalitali lakuda magalasi. Anatsika bambo wa mimba yake, makiyi akuzungulira pachala, banja lili pambuyo. Buku silinatsegulidwe. Tinangoona anyamata awiri atasenza tebulo pamutu kuchokera kuseri, wina mipando, wina nsalu yoyera, ndipo pamthunzi wa mtengo panabadwa malo amene sanalipo. Bambo wa tayi anandigunyuza. Ine magazi anawira. Ndinakonza mawu okhwima onena za chilungamo ndi ufulu wa munthu wosungitsa malo, ena m'Chingerezi. Ndinaimirira. Bwana uja podutsa anandiyang'ana, ndipo ndinamva pakamwa panga pakutuluka mawu oti, "Wawa bwana, mwaswera bwanji?" Anandipatsa makiyi kuti ndiuze mlonda asunthe galimoto dzuwa likafika. Jekete lija.

Nthawi yonseyi apongozi anali chete. Nditabwerako kopereka makiyi, anamasula mfundo ya chitenje natulutsa chinangwa chophika ndi mtedza wokazinga. Pamwamba pa mutu wawo penipeni panali chikwangwani choletsa kubwera ndi chakudya chakunja.

"Tengani, bambo," anatero akuyang'ana kumbali.

"Ayi amayi, zikomo. Chakudya chikubwera pompano."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anayankha, napatsa bambo wa tayi, amene analandira ndi manja awiri. Apongozi ake a bamboyo nawonso anatulutsa mbatata. Posakhalitsa benchi yonse inali pa phwando, amayi awiriwo atapezana kuti wina ndi wa ku Thyolo wina wa ku Chiradzulu ndipo onse ndi a Mvano. Ndinamva apongozi akuuza mnzawoyo, motsitsa mawu koma mofika kwa ine, kuti kwawo pamaliro anthu mazanamazana amakhala atadya kale pofika nthawi ngati imeneyo, adzukulu poyamba, popanda buku kapena foni. Chinangwa ndinadya, koma kuseri kwa chipilala.

Dzuwa litapendeka, banja la pakona linaitanitsa bilu. Benchi yonse inadzuka. Bambo wa banjalo anatulutsa foni kuti alipire, netiweki n'kukana. Anayesa nambala ina, anakweza foni m'mwamba, anapita nayo kugeti, anabwerera. Itatheka, wina anatulukira ndi keke. Kunali kubadwa kwa mmodzi wa ana aja, ndipo anafunika kumusaka kaye ku makatungwe, kumupukuta, kumuimbira, kujambula, kujambulanso chifukwa agogo anatsinzina.

Tebulo limene tinapatsidwa pomaliza silinali la pakona lija. Linali pafupi ndi khomo la kukhitchini, mwendo umodzi waufupi, ataupachika kabokosi ka machesi. Ndinakhala pansi ngati mfumu yolowa ufumu. Chambo chinali chitatha. Nkhuku ya lokolo inali itatha. Mpunga unali pamoto, ndipo wayitala anati ukhala maminitsi teni, mawu amene tsopano ndinkawadziwa kutalika kwake. Tinaitanitsa tchipisi ndi mapiko a nkhuku. Kukhitchini kumene kumaphikira anthu ochepa masiku onse ndi komweko kunkaphikira khamu lonselo, chiwaya chomwecho, wophika yemweyo, choncho mapiko aja anafika ana atagona kale awiri, kambuku atafufutika mbali imodzi.

Tikudya ndinaponya maso ku benchi. Kunali nkhope zatsopano, ndipo kutsogolo kwake bambo wina wa jekete, apongozi ake pambali, akuyang'ana mbale yanga ndi kuwerenga tchipisi totsala. Ndinamumvetsa kuposa munthu wina aliyense mu Blantyre. Ndinadziwa ululu wa msana wake, ndinadziwa zimene zikuchitika m'thumba mwake. Ndinavula nsapato pansi pa tebulo, ndinatuma ana amene anali maso kuti akasewerenso, ndipo ndinaitanitsa Fanta mmodzi wa apongozi ndi kuwapempha kuti asafulumire naye. Wayitala atabwera kudzatenga mbale ndinagwira m'mphepete mwake. Walira mvula walira matope, achimwene. Munaimba foni nokha.

Tinafika kunyumba ku Chilobwe mdima utagwa, ndalama ya minibasi nditabwereka kwa mayi a kunyumba, magetsi atazima. Apongozi anakhala pamkeka, navula nsapato, nayamikira kwambiri kuti aona malo okongola ndipo akafotokozera anzawo kumudzi. Kenaka anaitana mwana wawo n'kumufunsa ngati madzi a nsima atereka kale, poti iwo chidzukireni sanadye.

Makala anali atatha. Anatumidwa kukagula ndi ine, jekete lili pathupi.