Mawilo a Abwana ndi Vinyo wa Loweruka

Kuyambira kale njinga ku Salima ndiyo imanyamula. Imanyamula mayi wopita kusikelo, thumba la mpunga wa ku Lifuwu, dengu la usipa, mbuzi yomangidwa miyendo, tsiku lina mpaka chitseko. Koma masiku ano likakwana Lachisanu madzulo, pa Kamuzu Road pamadutsa malodza: galimoto zochokera ku Lilongwe zitabereka njinga padenga. Anyamata a kabaza amangoyang'anana. Njinga yoyenda makilomita oposa 100 ili chikhalire, n'cholinga choti mawa ikapalasidwe kanthawi kochepa ku Senga Bay, imeneyo ndi njinga ya ulemu wake.

Mukaiyandikira mudzaona kuti ilibe kaliyala, ilibe belu, ilibe sitandi. Chishalo chake n'chosakwana ngakhale mwana wa sitandade 1. Handulo inapindikira pansi, moti wokwerapo amayenda chowerama, ndipo ena a iwo kuwerama kumeneku ndi koyamba chilowereni ntchito. Eni ake ndi akuluakulu a m'maofesi amene adokotala anawanong'oneza za shuga ndi BP. Njingayo anaigula pa kaunjika wa njinga zochokera kunja, koma mukawafunsa amati "anandibweretsera mnzanga." Amavala kabudula wothina wokhala ndi kapilo kumatako, komanso nsapato zimene zimakola ku pedulo. Ubwino wa nsapatozi sindiutsutsa. Kungoti munthu akaima mwadzidzidzi n'kuiwala kukolola phazi, amagwera chammbali pang'onopang'ono, njinga ili m'miyendo, pamaso pa amayi ogulitsa nsomba. Amayi a kunyanja ndi olera bwino. Amati, "Pepani abwana, mwapweteka?" Kuseka amasunga mpaka abwanawo atakhota.

Loweruka lina m'mwezi wa Okutobala, mkulu wina wa ku Area 47 ankatsetsereka ndi msewu wochokera pa boma kulowera kunyanja, womwe ndi wa makilomita pafupifupi 20. Mbuzi inadumpha msewu monga mwa ufulu wake. Abwana anaizemba, nakalowa m'dzenje la m'mphepete mwa phula. Mbuzi inapitiriza ulendo. Wilo la kumbuyo ndilo linalira: masipoko awiri thyo, limu n'kuyamba kuvina, ikukhula mabuleki pozungulira paliponse.

Njingayo anaikankha mpaka pansi pa mtengo wa mango pamene pamakhala mkulu wokonza njinga, ndi bokosi lake la masipanala, beseni la madzi ofufuzira pobooka chubu, ndi benchi la anthu amene alibe njinga yokonzetsa koma amabwera tsiku lililonse.

"Mwaswera bwanji, madala?"

"Ndaswera bwino, kaya inu abwana. Yatani hatchiyi?"

"Yangopindika pang'ono. Mungoiwongola."

Madala anazunguza wilo lija, akuwerenga masipoko ndi chala. Anawerenganso kachiwiri.

"Ena aja mwataya kuti?"

"Athyoka awiri okha."

"Ndiye kuti analipo 24 basi? Nanga kutsogoloku, 20? Anakuberani, abwana. Ya mnyamata uyu ili ndi 36 kutsogolo, 36 kumbuyo, ndipo amanyamulira anthu awiri ndi katundu wawo."

Abwana anafotokoza modekha, monga amachitira anthu ophunzira akamayankhula ndi osaphunzira, kuti njinga ya mpikisano amaichepetsera masipoko dala kuti ipepuke ndi kudula mphepo. Madala anagwedeza mutu kuvomereza, maso ali pamimba ya abwana. Sananene kanthu. Pa benchi wina anatsokomola.

Madalawo sankalakwa. Wilo la masipoko ambiri likathyoka imodzi, anzake amagawana katundu ndipo munthu amakafika kwawo. La masipoko ochepa, iliyonse imakhala yokungika kwambiri, ndiye ikaduka imodzi limu imapotoka pomwepo. Mawilo otere anapangidwira anyamata owonda a Tour de France, amene kumbuyo kwawo kumayenda galimoto yodzaza mawilo ena. Kumbuyo kwa abwana kumayenda njinga yamoto yoliza hutala.

Limu inali itachita chibanthu moti kuwongola sikukanatheka. Pankafunika wilo lina. Apa ndiye panayambira mwambo wa m'tauni umene ine ndimaukonda koposa yonse: kufuna chinthu chotchipa popanda kutchula mawu oti kutchipa. Munthu wa m'tauni sanena kuti ndalama zachepa. Amati, "Sikuti ndalama ndi vuto ayi, kungoti sindifuna kuwononga." Amati, "Ndikufuna longogwirizira, lenilenilo ndaitanitsa kale kunja." Lenileni limeneli lakhala lili m'njira kuyambira Novembala 2023, pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo sindikukhulupirira kuti lafika ndi pa Beira pomwe.

Mnyamata wa pasitolo ya zipangizo za njinga anathamanga, nabwera ndi wilo latsopano lonyezimira.

"Ili ndi 28, biggie. Lanulo ndi 28. Limalowa."

Mnyamata wa pasitolo chilichonse kwa iye chimalowa. Koma pali 28 ziwiri padziko lino, ndipo siziyankhulana. Limu ya njinga ya kabaza, ija imalembedwa 28 x 1½, ndi ya mamilimita 635. Ya njinga ya abwana, yomwe amati 700c, ndi ya mamilimita 622, ngakhale matayala ake ena amalembedwanso 28. Kusiyana kwa mamilimita 13 kumeneko n'kokwanira kuti tayala likane kulowa, munthu athyole masupuni awiri a kukhitchini ndi kutukwana dzuwa likuswa mtengo. Madala anangoti, "Bweza, mwanawe," osatembenuka n'komwe.

Ngakhale pampu ya madala inakana njingayo. Vavu ya chubu chake ndi yowonda, ya mtundu wa Presta, pamene njinga za kuno zimadziwa vavu yachikale ija ya kamphira. Abwana anasiya njinga, nakwera kabaza kubwerera kumene anafikira, chipewa cha pulasitiki chili kumutu, atakhala pa kapilo wa kaliyala mwaulemu wonse. Akuti ulendo umenewo ndi umene anaumva kukoma kwambiri.

Madzulo nkhani inapita ku bwalo lalikulu, ndiye kuti pakhonde la kanyumba kalendi koyang'ana chilumba cha Namalenje, pamene anzake a ulendowo anali atakhala mozungulira mbaula ya chambo. Aliyense mwa iwo ndi katswiri wa mawilo, malinga asakhale amene akulipira.

Woyamba kuyankhula anali uja amawerenga pa intaneti usiku wonse.

"Achimwene, osazengereza. Pitani pa kaboni. Aluminiyamu ndi zakale."

Ananena izi akuzunguza vinyo wofiira m'tambula, nalowetsamo mphuno yonse, natsinzina.

"Mukumva? Muli kafungo ka mapulamu. Ndi kamtengo pang'ono. Chakumapeto kuli tsabola."

Onse ananunkhiza, onse anamva mapulamu. Mphepo inkachokera kumathandala kumene asodzi anayanika usipa, ndipo chimene chinkamveka pakhondepo mpaka m'mapilo chinali usipa. Koma palibe amene angayambe kuvomera kuti mphuno yake ndi ya kumudzi.

Vinyoyo anali m'botolo la Pinotage. Ndikuti anali m'botolo, chifukwa kumene anabadwira kunali kwina. Mnyamata wophika anaona ndi maso ake katoni ya malita 5 yokhala ndi kampopi ikukamidwa kukhitchini alendo asanafike. Botololo ndi lakale pantchitoyi. Pepala lake layamba kuyera m'makona. Izi sizinaletse mwini wake kuphunzitsa anzake kuti mphesa ya Pinotage anaipanga ku Stellenbosch mu 1925 pokwatitsa mitundu iwiri ya ku France, zomwe ndi zoona ndithu. Anthu a m'tauni bodza lawo amalimangira mpanda wa zoona.

"Kaboni ndi ndalama zingati?" anafunsa abwana, mawu ali pansi.

"Abwinoabwino amayambira madola 1,000 kupita m'mwamba. Koma mumapulumutsa hafu kilogalamu yathunthu."

Hafu kilogalamu. Mawilo awiri a aluminiyamu otsika mtengo amalemera pafupifupi makilogalamu 2, a kaboni pafupifupi 1.5. Botolo limene linali patebulolo likadzaza limaposa kilogalamu imodzi, ndipo usiku umenewo linadzazidwa katatu. Chambo sindikuwerengera, nsima sindikuwerengera. Munthu angathe kupulumutsa hafu kilogalamu yomweyo kwaulere pongokana mtanda wachitatu, koma nzeru yotere siimveka bwino pagulu, ndipo ilibe chizindikiro cha kampani choti anthu awerenge uli pa liwiro.

Katswiriyo sanatchule zina. Njinga ya abwana mabuleki ake amagwira pa limu, ndipo limu ya kaboni siikonda kutentha kwa mabuleki pamtsetse wautali. Lilongwe ili pamtunda wa mamita oposa 1,000, nyanja ili pansi pa mamita 500, ndipo aliyense amene anatsikapo mapiri a Dowa kudutsa pa Chezi akudziwa kuti mabuleki amagwira ganyu pamenepo. Komanso kaboni ikalowa m'dzenje siipindika kuti madala aiwongole. Imang'aluka, n'kukhala chokongoletsa pabalaza.

Wachiwiri anali ndi mlamu wake ku Johannesburg amene angatumize Mavic kapena Shimano pa basi "sabata yamawa yomweyi." Aliyense ali ndi mlamu ameneyu. Tonse tikumudikira.

Kenako panabuka mlandu wa ayisi. Mayi a kunyumba kwa abwana anapempha timiyala tiwiri toziziritsira vinyo wawo, ndipo katswiri uja anachita ngati amva za maliro.

"Alamu, vinyo wofiira sathira ayisi. Amamwedwa pa kutentha kwa m'chipinda."

"Chipinda chake chiti, alamu? Ichi?"

Funso limeneli linali la nzeru kuposa zonse zimene zinayankhulidwa tsiku limenelo. Lamulolo linachokera ku nyumba zamiyala za ku Ulaya, kumene m'chipinda mumakhala madigiri 16 mpaka 18. Chipinda cha malata ku Salima mu Okutobala chimapitirira 30 osapuma. Vinyo wa kutentha kumeneko amangofuna masamba ndi shuga kuti akhale tiyi. Mayiwo anathira ayisi wawo, nawonjezera Coca-Cola, nanena kuti ku Mozambique amamwa choncho ndipo palibe amene anamangidwapo. Patapita kanthawi katswiri uja anapezeka kuseri kwa khitchini akuchita zomwezo.

Wina anakumbutsa kuti malamulo omwewo amati nsomba imayenda ndi vinyo woyera. Panakhala chete pang'ono, aliyense akuyang'ana mutu wa chambo m'mbale mwake. Anagwirizana kuti chambo ndi nkhani ina. Winanso anatchula vinyo wa Linga, wopangidwa ku Lilongwe konkuno ndi zipatso zathu, ndipo anzake anakwinya mphuno mpaka atamva kuti azungu amagula popita kwawo. Atatero onse anakumbukira kuti anamulawapo ndipo ndi wabwino zedi.

M'mawa wa Lamulungu madala anali atapeza wilo. Anatuma mnyamata pa boma, kwa munthu amene amaphwasula njinga za kaunjika, ndipo anabwera ndi la 700c, la aluminiyamu, masipoko 32, habu ya Shimano. Silinali lokongola. Madala analiyesa monga amayesera odziwa: anapapasa m'mbali mwa limu kuti amve ngati mabuleki anaidya mpaka kulowa mkati, anaunguza ming'alu pamabowo a masipoko, anagwedeza ekiselo kuti aone ngati ikusewera, anasamutsa magiya a wilo lakale nawerenga kuti akwana onse. Anatsegula habu, nachotsa mchenga, napaka girisi. Kenako anakhala pansi ndi kakiyi ka masipoko, kukunga apa, kumasula apo, akumvetsera kulira kwa sipoko iliyonse, mpaka limu inayenda mowongoka pakati pa mabuleki osakhudza mbali. Analangizanso kuti matayala a mamilimita 23 awasiye, agule a 28 ngati felemu ilola, chifukwa msewu wa kuno suwerenga magazini.

Abwana anazungulira njingayo kawiri. Chinawadandaulitsa n'chakuti wilo latsopanolo linalibe malemba akuluakulu m'mbali.

"Simungamatule zomata za lakalelo n'kuika apa?"

"Zimatheka, abwana. Liwiro limawonjezekanso."

Itafika nthawi yolipira, munthu amene dzulo lake ankakambirana za madola 1,000 anasanduka wina. Mtengo wa wilo anaunenerera mpaka mnyamata wa pa boma anatsala pang'ono kulira. Ndalama ya ntchito ya madala anaidula pakati, ati kukunga masipoko ndi kungopotokola basi. Anafunsa ngati angatumize pafoni akafika ku Lilongwe, poti wangotsala ndi zikuluzikulu. Pomaliza anatulutsa m'galimoto botolo lija, muli vinyo wofika m'chiuno.

"Kapena mulandire aka, madala. Ndi ka ku Stellenbosch."

"Zikomo abwana, koma ine ndi wa kumzikiti. Ndalama yomweyo ingokwana."

Pa benchi panatsokomolanso munthu. Abwana analipira, akuwerenga kawiri pepala lililonse, nakweza njinga padenga kuti ikapume ndi ulendo wobwerera.

Inu amene mukukonzeka kutsikira kuno Loweruka likubwerali, tengani masipoko apadera a muyezo wa wilo lanu, chubu chanu ndi pampu yanu, chifukwa pansi pa mango simukazipeza. Ndalama ya madala ikhale ya m'manja, yosinthasintha kale. Vinyoyo muikeni mufiriji mphindi 20 musanatsegule. Katoni yake tinaiona kale, musavutike ndi botolo.